Mlonda Naye Afuna Womlonda: Kusamala Agalu M'mphepete mwa Phiri la Mulanje

[NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Lero tikambirana za chiweto chimene ambiri timachitchula ponyoza, koma chimene usiku uliwonse, ife titakhoma zitseko ndi kufunda zofunda, chimatsala panja pa mame ndi pa mphepo ya chiperoni, chikutchera khutu m'malo mwathu. Ndikunena galu. Popeza iye amatilonda osalandira malipiro ena koposa mkute wa nsima, n'koyenera kuti ifenso tidzifunse ngati tikumlonda monga kuyenera, makamaka ife amene Mulungu anatipatsa malo m'tsinde mwa phiri lalikulu ili, kumene munda wa munthu umathera pamene nkhalango iyambira.

Tiyambe ndi kudziwa anansi athu. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ifika mamita 3,002, linaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa ndi boma m'chaka cha 1927, ndipo m'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasunga ngati chuma cha anthu onse. Nyama zikuluzikulu zimene makolo athu ankazidziwa zinatha kalekale, koma phirilo silinakhale bwinja ayi. M'mapanga ndi m'matanthwe mukadali anyani, apusi ndi anchima, mbira ndi zinkhoma. M'zigwa zowirira mukadali nguluwe ndi nungu, njuzi ndi tizilombo tina toyenda usiku. Ndipo kambuku, ngakhale wachepa kwambiri kotero kuti munthu angathe kukalamba osamuona, sanatsanzike kotheratu. Afisi nawo sasowa m'mapiri ang'onoang'ono ndi m'zigwa za chigawo chino. Nyama zonsezi zikukhala mopanikizika, pakuti nkhwangwa ya wootcha makala, khasu la wotsegula munda m'nkhalango ndi moto wolusa wa m'chilimwe zachepetsa malo awo ndi chakudya chawo. Ndipo nyama yanjala imatsikira kumene kununkhira chakudya, ndiko kumudzi kwa inu ndi ine.

Zimenezi si zachilendo m'dziko lino. Akuluakulu a kuchigwa cha Phalombe, chimene pa nthawiyo chinali mbali ya boma la Mulanje, akumbukira zaka zija afisi anasautsa anthu kumpoto kwa phiri la Michesi. Zolembedwa za masiku amenewo, monga anazilongosolera F. A. Balestra m'chaka cha 1962, zimati anthu asanu anaphedwa m'chaka cha 1956, asanu ena mu 1957, asanu ndi mmodzi mu 1958, ndipo mu 1961 anafika asanu ndi atatu. Chofunika kuchisunga pa mbiri yomvetsa chisoniyi ndi nyengo yake: zoopsazo zinkachuluka m'mwezi wa Seputembala, pamene anthu ankagona pakhonde pothawa kutentha, ndipo tchire litapsa, afisi ankasowa nyama zoti agwire. Lero anthu ambiri amagona m'nyumba zokhoma bwino, koma pakhonde paja patsala galu. Makolo anati pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo sananene mwambiwo kuchokera m'maloto; anaona ndi maso awo galu atadzipinda paphulusa lofunda, tulo titamlemera, chilombo chili pafupi.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Tsopano tiyeni tione adani amenewa mmodzimmodzi, pakuti mpanda umene uletsa wina suletsa mnzake, ndipo munthu womanga osadziwa amene akummangira amangotaya nsungwi zake.

Fisi sadziwa kukwera, koma ali ndi khosi lamphamvu ndi nsagwada zophwanya mafupa. Chotero iye amafunafuna pamene mpanda wafooka, pamene chiswe chadya mzati, pamene madzi a mvula akumba kunsi, kapena pamene chitseko cha mpanda chasiya mpata, ndipo akapeza kabowo amakakuza ndi mapazi ndi mano kufikira thupi lake litalowa. Kambuku njira yake ndi yam'mwamba. Amalumpha khoma limene munthu wamtali sangafike pamwamba pake ndi dzanja, amayenda panthambi ya mango kapena ya peyala yolendewera m'bwalo, amatsika mwakachetechete, ndipo kulikonse kumene akambuku amakhala pafupi ndi anthu, kuno ku Africa ngakhale ku India, n'zodziwika kuti nyama ya galu amaikonda. Anyani amabwera masana, kudzafuna chimanga, nthochi ndi zinanazi, ndipo alimi ambiri amatuma agalu kuti awapirikitse. Koma nyani wamphongo ali ndi mano aatali akuthwa, ndipo akapanikizika amagwira galu ndi manja, namng'amba pamimba kapena paphewa. Nguluwe nayonso, ikatsekerezedwa pakona ya munda wa chinangwa, imatumbula galu ndi mano ake. Nungu siponya minga yake monga ena amanenera. Imathamanga chafutambuyo, ndipo galu wopupuluma amabwera kunyumba minga ili zoo pamphuno, m'kamwa ndi pachifuwa.

Koma mdani amene amalowa m'mipanda yambiri, ngakhale ya njerwa zootcha yokhala ndi magalasi pamwamba, ndiye njoka. Dziko lathu la mvula yambiri, la minda ya tiyi, nthochi ndi nsungwi, njoka zimalikonda. Mphiri imagona phee m'masamba ouma, yosathawa ngakhale imve mapazi, ndipo galu wonunkhiza amalumidwa kumaso kapena kumwendo wakutsogolo, malowo natupa msanga. Ilipo njoka ina imene imatukula mutu, kufutukula khosi ndi kulavula ululu wake m'maso mwa mdani ali patali mamita awiri. Imeneyi imakonda achule, makoswe ndi anapiye, n'chifukwa chake imapezeka kawirikawiri kukhola la nkhuku ndi pamulu wa nkhuni. Mamba ululu wake umagwira thupi mofulumira kwambiri. Nsato ilibe ululu, koma mwana wagalu imammeza monga imezera nkhuku.

Nanga mpanda woyenera ndi wotani? Choyamba, ukhale wautali mamita awiri kapena kuposerapo, kaya ndi wa njerwa, wa waya kapena wa nsungwi zolukidwa mothinana. Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri timalephera, mpanda uyambire pansi pa nthaka. Kumbani ngalande yozama ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala, kapena kuposerapo pang'ono, mukwiriremo waya kapena muyalemo miyala, imene kuno kwathu sitiigula, kuti wokumba kuchokera kunja alephere, ndiponso galu wanu wokumba kuchokera m'kati alephere. Chachitatu, sadzani nthambi zonse zodutsa pamwamba pa mpanda, ndipo musaunjike njerwa, nkhuni kapena migolo pafupi ndi khoma, pakuti potero mwamangira mlendo makwerero. Chachinayi, mabowo otulutsira madzi, amene m'dziko la mvula ngati lino sitingachite popanda iwo, muwatchinge ndi waya wa maso ang'onoang'ono, kuti madzi apite koma njoka ibwerere. Ndipo mvula yamphamvu ikagwa, zungulirani mpanda wonse m'mawa mwake. Ife amene tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'mwezi wa Malichi 2023 tidziwa kuti madzi otsika m'phiri ili sanyengerera khoma lililonse.

Komabe ndinene mosabisa kuti mpanda, ngakhale ukhale wokongola chotani, ndi theka chabe la ntchito. Kwa inu okhala kufupi ndi nkhalango, chitetezo chenicheni cha galu usiku ndi khola lofolera bwino, la makoma olimba, la chitseko chokhala ndi chokowera, limene pansi pake pakwezedwa kuti pasalowe madzi, ndipo lamangidwa pafupi ndi nyumba yogona. Dzuwa likamalowa, pamene nkhuku zikwera m'khola ndi mbuzi zitsekeredwa, galu nayenso alowe m'malo mwake, makamaka ana agalu, galu woyamwitsa ndi galu wokalamba. Ndipo asatulutsidwe mbandakucha kukadali chizirezire, pakuti madzulo ndi m'mamawa ndi nthawi imene zilombo zimayenda koposa.

Ndikumva wina akuti, “Kodi bambo, galu ndinam'weta kuti azilonda, ndikamtsekera, mbala idzaopa yani?” Funsolo n'lomveka, ndipo ndiliyankha motere. Chida chachikulu cha galu si mano ake ayi, koma mphuno yake, makutu ake ndi liwu lake. Galu amene ali m'khola la mbali imodzi ya waya amamva fungo, amamva mtswatswa, ndipo amauwa kufikira mwini nyumba atadzuka ndi tochi m'manja. Pamene galu woyendayenda panja angathe kunyengedwa ndi nyama yothira tameki, kapena kugwidwa pakhosi asanalire n'komwe. Paja amati galu wamkota sakandira pachabe: mukamva kuuwa kwachilendo, kosalekeza, kapena galu wolimba mtima akulira mwamantha ndi kukanda chitseko, musamkalipire muli pamphasa. Yatsani nyali, menyani chitini, dzutsani anansi, koma musatsegule khola kuti akamenyane ndi chimene simukuchiona. Ndipo koposa zonse, musamangirire galu pamtengo ndi unyolo usiku wonse, pakuti galu womangidwa sangathawe, sangabisale, ndipo mwamuika poyera ngati nyambo pambedza.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Chilombo sichibwera pakhomo popanda chochiitana, ndipo kawirikawiri amene amachiitana ndi ife eni. Galu adye dzuwa lisanalowe, kaya ndi nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi usipa kapena bonya, kaya ndi zotsala za pabanja, ndipo akatha, mbale ichotsedwe ndi kutsukidwa; chakudya chogona panja chimaitana makoswe, ndipo pambuyo pa khoswe pamabwera njoka. Dzala likhale kutali ndi khola ndipo lizikwiriridwa. Matumbo a nkhuku, mafupa ndi zikopa za mbuzi zisatayidwe kuseri kwa mpanda, pakuti mphuno ya fisi imamva zovunda kuchokera kutali. Mango ndi mapeyala akugwa azitoledwa, udzu uzitchetchedwa m'kati ndi kunja kwa mpanda, ndipo nkhuni ziunjikidwe pathandala, osati pansi. Galu wokhuta, wokhala ndi madzi akumwa ndi mthunzi, sakhala ndi chifukwa chokumbira mpanda. Chinanso chimene chimatulutsa agalu usiku ndi nyengo imene aakazi afuna amphongo, pamene gulu lonse limayenda mitunda, kulumana ndi kulowa m'tchire. Chotero funsani alangizi a ziweto za kufula agalu amphongo ndi kutseketsa aakazi, pakuti galu wotero amakhazikika pakhomo.

Ngozi ikagwa, chitani izi. Galu akalavulidwa m'maso ndi njoka, mgwireni bwino, mutsuke masowo ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, osathiramo mankhwala ena alionse, kenaka mupite naye kwa a zaziweto. Akalumidwa, musacheke bala, musayamwe, musamange mwendo ndi chingwe kapena mphira. Mnyamuleni kuti asayende, pakuti kuthamanga kumafulumizitsa ululu, ndipo funani thandizo msanga. Musataye nthawi kusakasaka njokayo, kuopa kuti olumidwa angakhale awiri. Minga ya nungu yolowa kwambiri, makamaka pachifuwa, pakhosi ndi pafupi ndi diso, isazulidwe mwamphamvu kunyumba, chifukwa imathyokera m'kati. Ndipo kumbukirani kuti galu womva ululu amaluma ngakhale mbuye wake. Mkulungeni m'thumba kapena m'bulangete, ndipo ana akhale patali.

Tsopano ndifika pa chinthu cholemera koposa zonse, chimene chisandutsa nkhani ya galu kukhala nkhani ya moyo wa ana athu, ndicho chiwewe. Matendawa amayenda m'malovu a nyama yodwala, nalowa pabala, natsata mitsempha kufikira ku ubongo. Ndipo zizindikiro zikangoonekera, kaya mwa galu kaya mwa munthu, kuchira kulibe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, kuti pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu, ndiponso kuti mwa anthu khumi alionse anayi amakhala ana osafika zaka 15. Nkhandwe, afisi, nyenga ndi ziuli zingathe kudwala matendawa ndi kupatsira galu, ndipo galu naye angathe kuzipatsira. N'chifukwa chake nyama yakutchire ikalowa m'mudzi masanasana, yosaopa anthu, yodzandira kapena yochucha dovu, musaiyese mwayi wa ndiwo. Tsekerani agalu, itanani ana alowe m'nyumba, ndipo dziwitsani amfumu ndi alangizi a ziweto.

Galu wanu akamenyana ndi nyama yotero, musamgwire ndi manja osavala kanthu, pakuti malovu a chilombocho angakhale akadali paubweya wake. Valani magolovesi, kapena majumbo awiri kudzanja lililonse, mumtsuke ndi sopo, mumtsekere payekha, ndipo mukanene kwa a zaziweto tsiku lomwelo. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone ngati bala lipola, pakuti katemera woperekedwa msanga amapulumutsa. Galu woluma munthu atsekeredwe ndi kuyang'aniridwa masiku khumi motsatira malangizo a alangizi.

Chokondweretsa n'chakuti mdani ameneyu ali ndi mankhwala omupewera, ndipo akhala nawo kuyambira m'chaka cha 1885, pamene Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu wachiwewe pombaya katemera. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akalandira katemera chaka ndi chaka, matendawa amasowa poyenda, nazilala. Umboni wake suli kutali. Madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre atadandaula za kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe, bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mumzindawo m'masiku 20 okha ogwira ntchito m'chaka cha 2015. Chimene anansi athu anachita, ifenso tingathe. Mwana wagalu akakwana miyezi itatu abayidwe, ndipo abwerezedwe chaka chilichonse. Kapepala ka katemera kasungidwe pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Ndipo tsiku la 28 Seputembala, limene dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, likhale chikumbutso kwa amene anazengereza.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Ndisanatsirize, ndiyenera kunenako mawu m'malo mwa nyama za m'phiri, pakuti mpanda uli ndi mbali ziwiri, ndipo umene uteteza galu ku chilombo utetezanso gwape, mbira ndi chinkhoma kwa galu. Alipo ena amene amakwera phiri ndi gulu la agalu anjala, natentha tchire kuti nyama zivumbuluke; moto womwewo umapsereza mbande za mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma pa Mulanje pokha. Agalu osakawo ndiwo amabwera otumbulidwa ndi nguluwe, oduka miyendo m'makhwekhwe a waya, ndiponso otenga matenda. Ndipo tikatha nyama zazing'ono za m'phiri, kambuku ndi fisi adzadya chiyani, ngati si mbuzi zathu ndi agalu athu? Ena, galu wawo akagwidwa, amathira poizoni panyama kuti abwezere. Koma poizoni sasankha, amapha galu wa mnansi, mphaka, mbalame, ndipo nthawi zina amafika m'manja mwa mwana. Lamulo la nyama zakutchire, monga linakonzedwera m'chaka cha 2017, limapereka zilango zowawa, zofika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu. Chilombo chikavuta, njira yake ndi kukanena kwa amfumu, kwa a zankhalango, kwa a nthambi yoona za nyama zakutchire kapena kupolisi.

Ntchito imeneyi si ya khomo limodzi, pakuti galu mmodzi wosabayidwa angathe kuika mudzi wonse pa ngozi, ndipo dzala limodzi losakwirira limaitanira fisi anthu onse oyandikana nalo. Chifukwa chake ndipempha inu mafumu athu, amene mawu anu amamveka pabwalo, inu atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi inu aphunzitsi, kuti nkhaniyi muifikitse kwa anthu anu nyengo yotentha isanafike, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse. Ndipo inu bambo, inu mayi, mawa kukacha zungulirani mpanda wanu, muone pamene pakumbika ndi pamene nthambi yalendewera. Yang'anani kumene galu wanu amagona, mudzifunse ngati pali denga ndi chitseko. Ndipo funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu tsiku limene katemera adzafike. Chiweto chilichonse chimene tinachilandira pakhomo tinachilandira pamodzi ndi udindo wake, ndipo mdindo wokhulupirika amadziwika ndi mmene asungira ngakhale chaching'ono chimene anamsungitsa.

Mulungu akusungeni inu, ana anu ndi ziweto zanu. Tsalani bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA]